Kupatsa Nkuika: Amene Adalanda Khirisimasi ya pa Mlare

Akuluakulu akale adati kupatsa nkuika. Mwambiwu udapangidwa pofuna kulimbikitsa mtima wa kuolowa manja: munthu amene wagawira mnzake nsengwa ya ufa lero sadataye kanthu, wangosungitsa, pakuti tsiku la njala yake mnzakeyo adzakumbukira. Koma mwambi uli ngati mpeni, umasenda chinangwa, umachekanso chala. Andale a masiku ano adaumvetsa mwambiwu kuposa aphunzitsi onse a Chichewa, ndipo palibe nyengo imene amaugwiritsa ntchito mwaluso kuposa ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Paketi ya shuga imene imatsika m'galimoto pa Mlare mu Disembala imatchedwa mphatso, koma ndi ngongole, ndipo mwini wake amabwera kudzailonjerera pa tsiku la chisankho.

Chaka ndi chaka, nyengoyi ikamayandikira, pamamveka dandaulo limodzi lomwelo m'makhonde a masitolo, pa maliro ndi pa maguwa: akuti ana a masiku ano adaononga Khirisimasi. Anyamata akuti sadziwanso kuimba lipenga, amangodziwa kutokosa foni. Atsikana akuti adasiya ndolo nathamangira zimkuzamawu za pa malo omwera mowa. Ana aang'ono akuti amachezera m'nyumba zoonetsera mafilimu. Zina mwa izi nzoona, ndipo palibe chifukwa chozibisira. Koma mlandu woweruzidwa chotero ngwaulesi. Anthu amaukonda chifukwa woimbidwa mlanduyo alibe galimoto, alibe maloya, ndipo sangachotse nyakwawa pa mpando. Mwambi umati nkhuyu zodya mwana zidapota akulu. Pa Mlare zinthu zidatembenuka: nkhuyu adadya ndi akulu, amene akupotedwa m'mimba ndi ana, ndipo ana omwewo akunenedwanso kuti ndiwo adakwera mumtengo.

Kuti mlanduwu uzengedwe bwino, mpofunika kukumbukira chimene Khirisimasi idali. Mlare ndi dera la m'mbali mwa msewu wa M1, kummwera kwa boma la Karonga, nyanja ili kum'mawa, mapiri kumadzulo. Anthu ake, oyankhula Chinkhonde ndi Chitumbuka, amadalira mpunga, chinangwa, chimanga, ng'ombe ndi usipa. Disembala siidakhalepo nyengo ya mwanaalirenji kumeneko. Mpunga umakololedwa cha m'ma Juni, ndipo pofika kumapeto kwa chaka nkhokwe zimakhala zitayamba kuonetsa pansi, mvula itagwa, aliyense ali kumunda ndi ng'ombe zolimira. Chimene chinkakometsa chikondwererocho chidali mwambo wa kusunga. Mayi wanzeru ankapatula mtanga wa kilombero pa nthawi yokolola, nauika pamwamba, ndipo ngakhale ana atope bwanji ndi kondowole wa tsiku ndi tsiku, mtangawo sunkakhudzidwa. Tambala wa tsikulo ankadziwika ndi mudzi wonse kuyambira mu Okutobala. Bambo ankapereka nsalu kwa telala wa pakhonde la sitolo nthawi ikadalipo. Pa tsiku lenilenilo m'mawa kunkakhala tiyi wamkaka ndi buledi, masana mpunga wa nkhuku, makomo ena mbalagha, nthochi zija zophikira pamodzi ndi nyama, ndipo mwana wa mnansi akafika pakhomo ankasambitsidwa m'manja osafunsidwa ngati wadya kale.

Koma mtima wa nyengoyi udali pa bwalo la malipenga, gule amene Ankhonde amamutcha mapenenga. Mbiri yake njosabisika. Mu Seputembala 1914 asilikali a Angerezi ndi a Ajeremani adamenyana pa Karonga penipeni, ndipo m'zaka zinayi zotsatira amuna ambirimbiri a m'Nyasaland adatengedwa, ena ngati asilikali a King's African Rifles, ochuluka ngati amtengatenga osenza katundu wa nkhondo. Obwerako adabwera ndi zimene adaona: pelete, ng'oma yaikulu, malipenga a mkuwa, maudindo ndi masaluti. Posowa mkuwa adatenga zikho, nazibowola, namata pabowopo kachikopa kopyapyala kophimba mazira a kangaude, chikhocho nkumalira ngati lipenga la asilikali a ku Zomba. Adavala zoyera, akabudula ositidwa bwino, masokosi aatali, kampango m'manja, ena ndodo, nkumaponda monyada ngati mabwana omwe aja adawasenzetsa katundu. Mzungu woonerera sankadziwa ngati akulemekezedwa kapena akusekedwa.

Chimene odandaula za achinyamata amaiwala nchakuti malipenga sadali kuvina kokha. Gulu lililonse linkatchedwa boma, ndipo lidali ndi mfumu yake yotchedwa kingi, akapitawo, dokotala, anamwino ndi msungichuma. Boma limeneli linkatolera msonkho wake, linkasunga buku, linkalipiritsa wochedwa ndi wobwera ndi malaya osachapa. Ndalama zikaperewera, anyamata ankagwira ganyu limodzi kuti agule nsalu yoyera ndi chikopa cha ng'oma. Boma la mudzi uno linkaitana la mudzi uko ndi kalata, ndipo oitanawo ankasenza udindo wodyetsa ndi kugoneka alendo onse, podziwa kuti chaka chamawa nawonso adzalandiridwa chimodzimodzi. Apa ndi pamene mwambi wa kupatsa nkuika unkagwira ntchito yake yeniyeni, pakati pa anthu ofanana msinkhu, amene aliyense akadatha kubweza. Mnyamata amene adadutsa m'boma la malipenga ankatulukamo atadziwa kusunga nthawi, kusunga ndalama za gulu, ndi kugonja pa mpikisano popanda kutola mwala. Munthu angathe kuseka poganiza kuti maboma a zikho amenewa ankadziwa kumene tambala iliyonse yapita, luso limene boma la ku Capital Hill likuphunzirabe.

Ndalama zina zinkachokera kutali. Amuna a ku Karonga adayamba kuyenda kalekale, ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika m'zaka za m'ma 1930, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, ku Wankie, ndi ku Joni kudzera mwa Wenela mpaka 1974, pamene Kamuzu adaimitsa ulendowu ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70. Pambuyo pake TEBA idatenganso anthu mpaka cha m'ma 1988. Moyo wa kumeneko udali wowawa, ndipo ambiri adatchona. Koma amene akadatha ankayesetsa kufika kwawo Khirisimasi isadadutse, ali ndi sutikesi, njinga, galamafoni ndi kangachepe ka boma la malipenga la mudzi wawo. Adzukulu awo lero ali ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku Dar es Salaam, ambiri opanda mapepala oyenera, ndipo sabwera chifukwa akatuluka kulowanso nkovuta. Amatumiza ndalama pa foni, malo awo pa mphasa nkukhala opanda munthu. Kumayambiriro kwa 2024 ngakhale ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa milungu ingapo. Mnyamata amene sadabwere kudzavina sadakane mwambo wa makolo. Dziko lake lidalephera kumupatsa ntchito, kenaka lidalepheranso kumupatsa kabuku koyendera.

Dzanja la ndale lidayamba kulowa pa bwalo m'nthawi ya chipani chimodzi. Magule a m'midzi adasanduka zida zotamandira Ngwazi. Amayi adavekedwa nsalu ya nkhope yake nkumatengedwa pa malole kukavina. Midzi inkasonkha mazira, nkhuku, mbuzi ndi ng'ombe zotchedwa mphatso, ngakhale wokana ankadziwa chomuonekera, ndipo wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pa chipata cha msika. Pa 3 Malichi dziko lonse linkakhala chete mokakamizidwa. Masiku a tchuthi nawonso akhala ngati malaya a wolamulira. Tsiku la 14 Meyi lidali la Kamuzu. Boma la Bakili Muluzi lidalichotsa nkuika 14 Juni, lokumbukira referendamu ya 1993, ndi 15 Januwale, la John Chilembwe. Bingu wa Mutharika adabwezeretsa 14 Meyi, la 14 Juni nkuzimirira. Ngakhale mbendera idasinthidwa mu 2010 nkubwezedwa mu 2012. Mwana amene wakula akuona akuluakulu a dziko akusinthanitsa masiku opatulika ngati makhadi a juga, aphunzira kwa yani kuti pali tsiku losagulitsika?

Pambuyo pa 1994 mtsinje udangotembenuka. Kale anthu ankasenza mphatso kupita nazo kwa andale. Tsopano andale ndiwo amabwera nazo, ndipo ambiri adayesa kuti umenewu ndiwo ufulu umene adauvotera. Poyamba idali K50 yogawidwa pa msonkhano. Kenaka padadza nsalu, malaya, mpira, chikho cha mpikisano chotchedwa dzina la wopereka, bokosi la maliro, thumba la simenti la ku tchalitchi. Boma la malipenga limene linkagula yunifolomu ndi thukuta lake lidaphunzira kulemba kalata yopempha kwa bwana. Bwanayo adapereka, ndipo nyimbo idasintha. Gule amene ankatha kudzudzula mfumu yaumbombo ndi mwamuna wothawa banja adayamba kutchula dzina la munthu mmodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Amene adakana kutchula dzinalo adakapeza bwana wina, mudzi umodzi nkukhala ndi magulu awiri osapatsana moni. Achinyamata amene lero akunenedwa kuti adathawa bwalo adangoona kuti pa bwalopo palibenso chawo. Ngati kuvina kwasanduka ganyu wa wandale, mnyamata wochenjera amasankha ganyu wolipira msanga, ndipo amakwera njinga yake ya kabaza.

Anthu a ku Mlare safunika kuuzidwa kumene njira imeneyi imathera. Dera lawo la chisankho, Karonga Central, lidapatsidwa dzina la Benghazi, mzinda wa ku Libya umene udatchuka ndi nkhondo mu 2011, chifukwa cha ziwawa za pakati pa otsatira andale. Kwa zaka zambiri mpando wa phungu unkalimbiranidwa ndi a Frank Mwenifumbo ndi malemu Dr Cornelius Mwalwanda, ndipo a Mwalwanda atamwalira mu 2020 kudachitika chisankho chapadera mu Novembala chaka chomwecho. Dzina la Benghazi linkaseketsa owerenga nyuzipepala ku Blantyre, koma kwa eni dera lidali chipsera. Andale kulikonse amakumana ku Lilongwe nkumwera tiyi limodzi. Otsala ndi mabala ndi anthu otunga pa mjigo umodzi, okumbirana manda, okwatirana. Mlamu ndi mlamu adaleka kudyera mbale imodzi. Mpunga wa Khirisimasi, umene unkatumizidwa kwa apongozi m'mbale yovundikira, udayamba kufunsa kaye mtundu wa nsalu imene apongoziwo adavala pa msonkhano.

Komabe shuga wa andale sakadakhala ndi mphamvu chikhala kuti mabanja akutha kudzigulira okha, ndipo apa ndi pamene pagona mlandu waukulu. Mu Meyi 2012 kwacha idagwetsedwa mphamvu koopsa. Mu Meyi 2022 idachepetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023, patangotsala milungu yochepa kuti Khirisimasi ifike, idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi nkuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Zipani zolamula zidali zosiyana, mankhwala adali amodzimodzi, ndipo womwa adali yemweyo. Ku Karonga kugwa kwa kwacha kumamveka msanga kuposa kwina, pakuti zitenje, mafuta ophikira, mapoto ndi nsapato za ana zambiri zimadzera pa chipata cha Songwe kuchokera ku Kyela ndi ku Mbeya, ndipo wosintha ndalama pa chipatacho sadikira kuti nduna ya zachuma imalize kufotokoza. Mphunzitsi wa pulayimale, namwino wa pa chipatala chaching'ono, msodzi, mayi wogulitsa usipa pa msewu, onsewa adagona ndi ndalama yokwanira zovala za ana atatu nkudzuka ndi ya ana awiri. Kholo limene lidayenera kusankha mwana woti avale chakale pa tsiku la Khirisimasi silifuna kuphunzitsidwa za mwambo ndi munthu wa mimba yokhuta.

Kumapeto kwa 2024 mafuta a galimoto adasowa dziko lonse. Anthu a pa Mlare ankaona ndi maso awo matanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam akudutsa pakhomo pawo kulowera kummwera, pamene mwana wawo wogwira ntchito ku Mzuzu kapena ku Lilongwe ankawerengetsera mtengo wa minibasi, naganizira maenje a msewu wa ku Chiweta, nkutumiza uthenga wopepesa. Mu 2025 maboma a Malawi ndi Tanzania adakokana pa malonda: Malawi idaletsa zina mwa zokolola zakunja mu Malichi, Tanzania idabwezera mu Epulo, ndipo ngakhale chiletso cha Tanzania sichidakhalitse, amene adataya mpamba ndi amayi a geni yaing'ono a m'boma la Karonga. Nanga mpunga? Mlimi wa kilombero amagulitsa pa nthawi yokolola, mtengo uli pansi, kwa mavenda oyeza ndi ndowa zotupa m'mimba, chifukwa ngongole ya feteleza ndi katapila sizidikira. ADMARC, imene inkayenera kukhala pothawira pa mlimi, idafooka kwa zaka zambiri mpaka idatsekedwa kwa kanthawi mu 2022, antchito ake nkuchotsedwa. Pofika Disembala mlimi yemweyo amakagula pa msika mpunga wake womwe, wa m'kapu, pa mtengo umene iye sadaulandirepo. Mtanga uja wa pamwamba udatsitsidwa ndi ngongole, ndipo nkulakwa kunena kuti amayi a lero ngosasamala.

Mu Disembala 2009 zivomezi zidagwedeza Karonga kwa milungu, nyumba zambiri zidagwa, ndipo mabanja ochuluka adadya Khirisimasi m'matenti ndi pansi pa mitengo. Pa tsoka limenelo palibe adaimbidwa mlandu, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Koma kugwa kwa kwacha, kusowa kwa mafuta ndi kufa kwa misika ya mlimi zimaimba ng'oma chaka chathunthu zisadafike. Zili ndi eni ake, zimakambidwa m'misonkhano, zimasainidwa ndi cholembera. Eni akewo ndi abale awo a m'chipani ndi amene amatulukira mu Disembala ndi paketi ya shuga ndi botolo la mafuta. Ali ngati munthu wotsegula khola usiku, m'mawa nkubwera ndi kachidutswa ka nyama kudzapepesa mwini ng'ombe, nayembekeza kuomberedwa m'manja.

Alipo amene amati palibe cholakwika polandira. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndalamazo nza misonkho ya anthu omwewo, ndipo munthu angathe kudya za uyu navotera uyo. Mfundoyi ili ndi mbali yake yoona. Mayi wamasiye wa ana anayi amene wapatsidwa shuga pa 24 Disembala sayenera kudzudzulidwa ndi aliyense, ndipo womudzudzula ayambe wamugulira shugayo. Koma ochenjera odya za uyu navotera uyo saona kuti onse awiri opikisanawo adataya ndalama, ndipo wopambanayo ayenera kubweza zake. Adzazibweza kuchokera pa mlatho umene sudzamangidwa, pa mankhwala amene sadzafika, pa chipinda cha sukulu chimene chidzaimira pa zenera. Choipa kwambiri nchakuti pakamwa podzadza sipafunsa funso. Mudzi umene udalandira mu Disembala umachita manyazi kufunsa mu Malichi chifukwa chake msewu wa kumunda sudakonzedwe, ndipo phunguyo amadziwa zimenezi kuposa wina aliyense.

Lamulo lilipo. Lamulo la zipani za ndale la 2018 lidaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa ovota, koma ofesi ya mlembi wa zipani idakhala zaka zingapo yopanda mwini wake mpaka 2024, ndipo mphatso zidangosintha mayina, kukhala thandizo, chikondi, kucheza ndi agogo. Lamulo silingafike pa bwalo la mudzi ngati alonda a bwalolo ndiwo otsegula chipata. Alondawo ngodziwika. Pali anyakwawa ena amene amalemba mayina a olandira, nayamba ndi a pabanja pawo. Pali akulu a mipingo ena amene amaitana wandale kukhala mlendo wolemekezeka pa mwambo wosonkhetsa ndalama, namukhazika pa mpando wakutsogolo pa tsiku lokumbukira mwana wobadwira m'khola la ziweto, namupatsa chimkuzamawu kuti alonjeze malata. Pali makingi a malipenga amene adagulitsa nyimbo ndi nsalu zoyera khumi ndi ziwiri. Chodabwitsa nchakuti anthu amenewa ndi omwe amafuula kwambiri kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo makutu ofunika kutsinidwa pa nkhaniyi ali pansi pa imvi.

Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chidadutsa, ndipo china chikuyembekezeka mu 2030. Aliyense wa pa Mlare amadziwa kuti pakati pa zisankho galimoto za shuga zimachepa, nkudzachulukanso masiku akamayandikira. Zaka za pakatizi ndizo mpata. Chikho chimamera kuseri kwa nyumba, kangaude salipiritsa, ndipo magulu a amayi a banki m'khonde, amene amasonkha mlungu ndi mlungu nkugawana kumapeto kwa chaka, akuonetsa kale kuti luso losunga buku la gulu silidafe m'midzi. Chimene boma la malipenga lidachita ndi ganyu mu nthawi ya atsamunda silingalephere kuchichita lero. Gulu lililonse litsegule buku lake mu Juni, mpunga ukadali m'manja, aliyense aponye ndowa imodzi. Mafumu a m'dera agwirizane kuti pa bwalo la Khirisimasi ndi la Chaka Chatsopano pasaoneke nsalu ya chipani chilichonse. Wandale akafika ndi galimoto yake apatsidwe malo pakati pa oonerera, afupe wovina bwino monga amachitira wina aliyense, ndipo dzina lake lisalowe m'nyimbo.